Ovataimu ya a Efren Gallenero

Chaka chimene namondwe anakokolola mlatho wa kumsika, ife a ambulansi ndi anzathu ozimitsa moto tinatha pafupifupi mwezi osagona kunyumba. Tinkatsitsa anthu pamadenga, kutola mitembo m'minda ya nzimbe, kudya mpunga ndi nsomba zam'chitini chiimirire. A meya anabwera kudzajambulitsa nafe, n'kulonjeza kuti ovataimu yonse tilandira Khirisimasi isanafike. Khirisimasiyo inadutsa, inzake inadutsanso.

Amene ankatitsogolera kukadandaula kukhonsolo anali a Efren Gallenero, wozimitsa moto wamkulu pa tonsefe, bambo wadazi, wanthabwala. Akazi awo, a Corazon, ankadwala impso, ndipo makina osefa magazi mumzinda wa Iloilo ankameza mapeso, ndalama zathu za kuno, osakhuta.

"Minda, mlongo wanga," ananditchula dzina langa tsiku lina akuchokera kukhonsoloko, "akuti bwana wa zachuma ali kumsonkhano. Munthu ameneyu ngakhale alowe kuchimbudzi, amati ali kumsonkhano."

"Ndiye titani, achimwene?"

"Tithokoze. Akuti ndife ngwazi. Tatenga ungwaziwo upite nawo kugolosale, uone ngati angakupimire mpunga."

Kenako anabwereka njinga yamoto ya matayala atatu kwa alamu awo. Akaweruka m'mawa atachezera usiku wonse, m'malo mokagona ankanyamula ana asukulu ndi azimayi a kumsika. Ndinawadzudzulapo kuti maso awo afiira ngati a chidakwa. Anangoseka. "Tulo n'ta anthu olipidwa."

M'mawa wina anatiitana ku ngozi pamsewu wa ku fakitale ya shuga. Tisanaime n'komwe, dalaivala wathu Jomar anati, "Mayo ine, njinga ija!" Inali pansi pa lole ya nzimbe. Woyendetsa loleyo ankalira m'mbali mwa msewu: "Angobwera mbali yanga. Sanakhote, sanagwire buleki." Okwera munalibe.

Anzawo omwe ndi amene anadula zitsulo kuti awatulutse. M'ambulansi anali akupumabe. Ndinkatsekereza bala la pantchafu ndi manja onse awiri, magazi akudutsabe m'zala.

"Minda," anatero chapansipansi, "Corazon musamuuze pafoni. Lero ali pamakina."

"Khalani chete, achimwene, tafika kale."

Tinali tisanafike. Anatsirizika tikulowa m'tauni.

A khonsolo anati chipepeso palibe, poti ngozi inachitika iwo ataweruka. A meya anatumiza tenti ya pamaliro, yojambulidwa nkhope yawo ikumwetulira. A Corazon anatuluka atatsamira mwana wawo wamkazi, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Chotsani munthu uyu pakhomo panga."

Anyamata anaigwetsa. Masiku onse a maliro anthu anakhala pamtetete, akutchova makadi pansi pa maambulera, gawo la ndalama za njugayo likupita kwa ofedwa monga mwa mwambo wa kuno, kuti ndalama ya bokosi ikwane.

Titaika maliro tinagwirizana kuti nthawi yoweruka ikakwana, aliyense azipita kwawo, kaya kupse. Sitinathe sabata. Moto unabuka m'tinyumba ta m'mphepete mwa mtsinje dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndinapeza tonse tili pomwepo, ena atavala masilipasi, tikupewana maso. M'tinyumbamo munali azakhali a Jomar, munali ana amene ine ndinawabadwitsa m'galimoto.

Patapita miyezi khonsolo inatipatsa gawo limodzi mwa magawo atatu a ovataimu ija, titavomera kuti nkhaniyo yatha. Ine ndinavomera, ana anga amadya. Gawo la a Efren linachedwa, ati pakufunika umboni wa ukwati. Pofika nthawi imeneyo a Corazon anali atayamba kudumphitsa masiku a makina, miyendo itatupa. Ulendo wawo womaliza wa kuchipatala ndinawanyamula ndine.

Chaka chomwecho anyamata awiri ozimitsa moto anapita kukagwira ntchito ku Qatar. M'malo mwawo simunalowe munthu, ndipo maola awo anatigawira otsalafe.