Mankhwala a kwa a Lackson

Mayi Miriam atamasula thumba loyamba, fumbi linawatsamwitsa. Anapisa dzanja m'katimo, ndipo linatuluka lotuwa, anankafumbwe akuyenda m'zala. Anamasula lina, kenako linanso, mpaka lomaliza. Chimanga chonse chinali chitafumbwa, Ogasiti asanathe n'komwe.

Chimangacho anachikhetsera thukuta. M'mawa ankathyola tiyi ku esiteti, dengu lili kumsana, ndipo akaweruka ankatsikira ku kamunda kawo kotsetsereka kwa Khwethemule. Chaka chimenecho cha 2006 mvula inagwa bwino, njala ya chaka chathacho idakali m'maso mwa anthu. Atakolola, anagula mankhwala a ufa mu golosale ya a Lackson n'kuthira monga ankachitira zaka zonse.

Amuna awo, a Dixon, a ku fakitale ya tiyi, ataona matumbawo sanafunse zambiri.

"Munathira pang'ono inu. Ena munapatsa abale anu eti?"

"Ndinathira onse, bambo a Tayamika."

"Ndiye chafumbwa bwanji? Mwatiphera chaka."

Mawuwo anawanena mokweza, aneba akumva. Pa Sabata ku tchalitchi, Mayi Miriam anaona amayi anzawo akutsinana. Anangoweramitsa mutu m'buku la nyimbo, koma sanaimbe.

Mwana wawo Tayamika anafika pa holide sabata yotsatira. Anali m'chaka chachitatu ku yunivesite ku Zomba, komwe ankaphunzira za katundu wogulitsidwa ndi ufulu wa ogula. A Dixon ankafuna kuti akhale nesi, ndipo maphunziro akewo ankawatchula kuti digiri yokagula sopo.

Tayamika anapeza mayi ake akupeta fumbi lija pa lichero, kufunafuna njere zimene zinapulumuka.

"Amayi, botolo la mankhwala lija lilipo?"

Analipeza kuseri kwa bafa, kaufa kochepa katatsalira pansi. Tayamika analitembenuza pang'onopang'ono.

"Taonani apa. Palibe tsiku limene anapangidwa, palibenso tsiku lothera mphamvu. Dzina la kampani palibe. Pepalali ndi la fotokope, angolimata ndi guluu. Pogula, chitsekerero chinali chomata?"

"Chinangotseguka mosavuta. Ndinkati ndi mapangidwe atsopano."

"Nanga fungo? Enieni aja amalasa m'mphuno."

Mayi Miriam anakumbukira kuti tsiku lothira lija sanayetsemule ngakhale kamodzi.

"Si inu munalakwa, amayi. Anakugulitsani zabodza."

Misozi imene sinatuluke tsiku lomasula matumba inatuluka pamenepo. Sinali ya chisoni ayi. Unali mkwiyo.

Lamlungu m'mawa anapita awiriwo ku golosale. A Lackson anayang'ana botololo n'kuseka, kenako analoza chikwangwani cha pakhoma.

"Werengani apo. Katundu akatuluka muno sabwerera. Lisiti muli nalo?"

"Simunandipatse."

"Basitu. Ndidziwa bwanji kuti munagula muno?"

"Mabotolo ofanana ndi ili ndi awo ali pa shelefupo," anatero Tayamika. "Chikwangwani chanucho sichiposa lamulo, achimwene. Lamulo loteteza ogula limati munthu agulitsidwe chinthu chimene chikugwira ntchito yake."

"Zasukulu zanuzo mukanene ku Zomba. Chokani, mukutchinga makasitomala."

Mayi Miriam anatuluka manyazi atawagwira, ndipo ankafuna kungozisiya. Koma Tayamika anati munthu mmodzi amakankhidwa mosavuta, choncho ayambe afunsa ena. Anayenda m'nyumba za pa esiteti ndi m'mudzi momwe. Mayi Vailet, mnzawo wothyola naye tiyi, anatulutsa botolo lofanana. Enanso anatulutsa. Ena anali atabisa matumba awo ofumbwa poopa kusekedwa, ndipo mayi wina anali atamenyedwa ndi mwamuna wake pa nkhani yomweyo.

Onse pamodzi anapita ndi mabotolowo kwa mlangizi wa zaulimi, a Jonas. Iwo anamva nkhani ya aliyense, n'kutumiza mabotolowo kwa akuluakulu oyeza katundu ku Blantyre. Anauzanso amene chimanga chawo chinali chisanatheretu kuti achiyanike, achipete, athire mankhwala ochokera kwa wogulitsa wovomerezeka.

Yankho linachedwa, Tayamika mpaka anabwerera ku sukulu. Litafika, linati ufawo unali laimu wosakaniza ndi phulusa. Apolisi anabwera ndi oyeza katundu aja, analanda makatoni onse, ndipo golosale inatsekedwa. Khoti linalamula a Lackson kulipira mabanja amene anawanamiza. Mabanja ambiri anapulumutsa chimanga chawo chifukwa anachenjezedwa nthawi ikadalipo.

Cha Mayi Miriam sichinabwerere. Zimene analandira sizinafike pa zimene anataya, ndipo pofika Januwale ankachita ganyu m'minda ya anthu akaweruka ku tiyi. A Dixon anapepesa tsiku lina akumanga nsapato, maso ali pansi.

"Paja ndinalankhula molakwa, mayi a Tayamika."

"Munalankhula pa gulu," anayankha Mayi Miriam. "Mukupepesa muli nokha."

Pa msonkhano wa alimi usanafike mwezi wokolola, a Jonas anapempha Mayi Miriam kuti alankhule. Anaimirira, ndipo mawu awo anamveka mpaka kumbuyo.

"Ine ndinagona ndi njala chimanga nditakolola. Anzanga, musanagule mankhwala, feteleza kapena mbewu, yang'anani tsiku lothera mphamvu, dzina la amene anapanga, ndi chitsekerero ngati n'chomata. Funsani lisiti, musachite manyazi. Mukanamizidwa, musabise ndipo musalozane zala m'nyumba. Sungani botololo, itanani anzanu, mupite kwa alangizi. Wogula ali ndi ufulu, koma ufuluwo umagwira ntchito tikatsegula pakamwa."