Mwana Wobwereka

Inali cha m'ma 7 koloko m'mawa, Lachiwiri, ndipo nkhungu ya mu Juni inali itaphimba mapiri a Ntchisi moti mbuzi inkangomveka kulira osaoneka. Lusiya, mtsikana wa zaka makumi awiri, ankatsika phiri atabereka mwana wosakhala wake.

Mwanayo anali wa alamu ake, a Faines. Lusiya anawapempha kuti apite naye ku sikelo, iwo atsale akuthothola mtedza. A Faines anafunsa kuti khama limeneli layamba liti, komabe anamubereketsa mwana ndi kumupatsa buku la sikelo.

Chifukwa chenicheni sanawauze. Loweruka, ali ndi Gabriel, chibwenzi chake, kondomu inang'ambika. M'sutikesi mwake munali kalata yomuitana ku sukulu ya uphunzitsi, ndipo mimba ikanathetsa zonsezo. Mnzake wina anati amwe tiyi wa masamba ambiri wopanda shuga. Wina anati ku Mponela amagulitsa piritsi loletsa mimba, koma limagwira m'mawa wotsatira wokha. Chipatala chinali kutali. Achipatala ankabwera kumudziko kamodzi pamwezi, kudzayeza ana pakhonde la sukulu ya mkaka, ndipo mtsikana wopanda mwana atati aime pamzere umenewo, mudzi wonse ukanadziwa dzuwa lisanalowe.

"Ee, Lusiya! Wabereka liti osatiuza?" anakuwa mayi wina pamzere.

"Musiyeni, akuyeserera. Gabriel uja sachedwa!"

Amayi anaseka chikhakhali. Lusiya anasekako. Analola aliyense kumudutsa mpaka anatsala yekha.

Namwino, a Lines, mayi wa imvi, anakoloweka mwana pasikelo, nalemba, kenako anayang'ana chikuto cha buku.

"Pano palembedwa kuti mayi ake ndi Faines. Nanga iwe?"

"Ndine azakhali ake."

A Lines anamuyang'ana nthawi yaitali. Ndiye anakweza mawu kuti amayi otsalira pabwalo amve: "Lowa naye mkatimu, ndimuone m'kamwa mwanayu."

M'kalasimo, pakati pa timipando ta ana, Lusiya ananena zonse akuyang'ana pansi. Anamaliza ndi kuti akudziwa kuti wachedwa.

"Loweruka nthawi yanji?"

"Dzuwa litapendeka."

A Lines anawerenga pazala. "Masiku atatu sanakwane. Ukanamwa piritsi dzana zikanakhala bwino koposa, chifukwa limagwira bwino ukafulumira. Koma sunachedwe."

Anatulutsa kapaketi m'bokosi, nati nkaulere. Lusiya sanatambasule dzanja.

"Anesi, sikuchotsa mimba kumeneku? Ine ndimalandira ukalisitiya."

"Mimba yake iti, mwanawe? Mimba siima tsiku lomwelo. Mbewu ya mwamuna imadikira dzira masiku angapo. Piritsili limachedwetsa dzira, mbewuyo n'kutha mphamvu isanakumane nalo. Mimba ikakhala itaima kale, silichotsa."

Lusiya anatambasula dzanja. Usiku utatu anali akulira chinthu chimene ankati chachitika kale, pamene m'thupi mwake chinali chisanachitike. Zaka zonsezi wakhala ndi thupi limeneli osadziwa kuti lili ndi masiku akeake, kuti mkati mwake zinthu zimadikirana. Piritsilo linali laling'ono ngati njere ya mapira. Analiyang'ana pachikhatho, mwana akupumira pakhosi pake, ndipo anachita mantha ngati amene ankamva ali mwana wansembe akakweza ukalisitiya. Anameza ndi madzi a m'botolo la anesi.

"Ukasanza pasanathe maola awiri, undipeze kumudzi wa kumunsiku, ndikupatse lina. Ukadutsitsa masiku ako ndi sabata, ukayezetse. Ndipo ili si la masiku onse, silitetezanso ku matenda. Udzabwere tikambe za njira zina." A Lines anatseka bokosi. "Chaka chino ndiwe wachitatu kubwera ndi mwana wobwereka. Anzakowo ukawauze za masiku atatuwa, asiye tiyi."

Potuluka anapeza nkhungu ikusweka. Mapiri ankatuluka limodzi limodzi mpaka cha ku Dowa, ndipo anaima kanthawi kuwayang'ana.

Kunyumba a Faines anafunsa osadzutsa mutu: "Wakwera sikelo?"

"Wakwera, alamu."

Anamasula mwana, nakokera dengu pafupi, nayamba kuthothola mtedza.