Valavu ya mkamwini

Salim anali munthu woti akagula chinthu mtima sukhala pansi mpaka atachimasula kuti aone m'kati mwake. Wailesi anaimasula, tochi anaimasula, loko wa pachitseko naye sanapulumuke. Mkazi wake Ramla ankati tsiku lina bamboyu adzamasula mwana wawo Salma kuti aone komwe kumachokera kulira.

Kwawo kunali ku Balaka, koma ankakhala chikamwini ku Nsanama, kwawo kwa Ramla. Mkamwini alibe munda, alibe mtengo, ngakhale nkhuku yogula yekha anthu amati ndi ya akazi ake. Chinthu chimodzi chokha pamudzipo n'chomwe chinkatchulidwa ndi dzina lake: thanki ya madzi yomwe anaimika pakati pa nyumba yake ndi ya apongozi ake aakazi, Abiti Hamisi. Pampu ya sola inkakoka madzi m'chitsime n'kudzaza thankiyo. Mipopi yapulasitiki ana ankangothyola, choncho kumapeto kwa paipi Salim anaikako valavu yamkuwa ya kagudumu kofiira, yomwe anakagula ku Liwonde.

Kenako valavu ija inayamba kudontha. M'mawa uliwonse pansi pake pamakhala matope, abakha ali pachisangalalo, thanki itatsika.

"Alamu, thanki yanu ija yayamba kukodza pogona," anatero Sumani, mchimwene wake wa Ramla, anthu ali pabwalo. "Ngati zakukanikani nenani, tiigwetse, apa tibzalepo chinangwa."

Anthu anaseka. Salim anaseka nawo, koma zinamuwawa zedi. Thanki itagwa, iye pamudzi pano atsala ndani?

Anadikira madzi athe, n'kuchotsa valavu ija, n'kukhala nayo pamkeka. Kunena zoona, theka la mtima wake linakondwa kuti wapeza chifukwa choimasulira. M'kati munalibe labala ngati wa mumpopi. Munali kachitseko kamkuwa kooneka ngati lilime, kotsika ukamapotokola kagudumu, kokwera ukamabweza. Anakayang'ana padzuwa, anakapalasa ndi chikhadabo, osapeza mng'alu. Atabwezeretsa zonse anatseka, n'kuuzira mpweya mpaka masaya kutupa. Mpweya sunadutse. Chitsulo chinalibe mlandu. Mlandu unali wa dzanja lomwe linkasiya kachitsekoko kali lende, osafika pansi.

Nanga dzanja la ndani?

Anawaza phulusa mozungulira valavu kuti aone mapazi. Kutacha anapezapo mapazi a abakha, a mbuzi, ndi a patapata, yemwe pamudzipo amavala aliyense. Anafunsa ana, ana anakana mpaka kulumbira. Anafunsa Ramla.

"Iyayi, ine ndimatseka mpaka dzanja kuwawa," anatero Ramla. "Musandiyang'ane choncho, si ine wailesi."

Munthu mmodzi yekha ndi amene sakanamufunsa. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sakhalirana pafupi. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire, moni n'kumaperekera chapatali, nkhope kumbali. Zaka zonsezi Salim ankawadziwa bwino Abiti Hamisi kumsana kuposa kumaso.

Atatopa ndi kufufuza anatenga sipanala, n'kuikola pa kagudumu, n'kumanga ndi mphamvu zake zonse. Kuyambira tsikulo valavu inkatsegulidwa ndi iye yekha, m'mawa ndi madzulo, azimayi akabwera ndi zidebe, kenako sipanala inkagwiranso ntchito yake. Matope anauma. Abakha anasamukira kwina. Salim ankayenda pabwalo chifuwa chili patsogolo.

Koma funso lija silinamusiye. Wakuba ukamutsekera khomo umagona bwino, inde, koma Salim ankafuna kudziwa nkhope yake. Tsiku lina masana, anthu ali kumsika, analowa m'bafa ya udzu yoyang'anana ndi thanki, n'kuboola kampata ndi chala. Anakhalamo mpaka miyendo kuchita dzanzi, nyerere zikumukwera, akudzifunsa ngati bambo wa ana amachita zoterezi.

Amene anabwera anali Abiti Hamisi, ndowa kumanja, kumanzere ketulo yawo yosambira asanaswali. Anaika ndowa pansi pa paipi n'kugwira kagudumu. Aka kanali koyamba Salim kuona manja awo pafupi. Zala zinali zopindika ndi nyamakazi, mfundo zake zotupa. Anapotokola, kagudumu osasuntha. Anakulungapo nsonga ya chitenje, n'kugwira ndi manja awiri, mpaka mapewa kunjenjemera. Kenako anayang'ana kunyumba kwa Salim kanthawi ndithu. Anatola ndowa yawo n'kulunjika njira ya kumjigo, womwe uli kutsidya kwa msewu, kuseri kwa msika.

Salim anatuluka m'bafa muja manyazi atamugwira. Anatsokomola kuti amveke, n'kutembenuka kuyang'ana mtengo wa mango.

"Mtengo iwe," anatero, "uwauze amayi kuti valavuyo ndinamanga ndine. Sindinadziwe."

Mayi aja anaima, osacheuka. Anatsitsa ndowa pansi n'kuyankhula nayo.

"Ndowa iwe, uwauze bambo a Salma kuti asadandaule. Wodonthetsa madzi uja ndinali ine. Madzulo ndinkatunga pomalizira n'kusiya osamanga kwambiri, chifukwa ndikamanga, m'mawa zala izi sizingamasule, ndipo sindingakagogode pakhomo pa mkamwini kuti adzanditsegulire."

"Nanga bwanji osamutuma Ramla, kapena kubwera nthawi yomwe ndimatsegula?" Salim anafunsa mtengo uja.

"Ramla pakamwa pake mpoboola. Sumani akanamva, ndipo anthu akanati mkamwini wamana apongozi ake madzi. Ndinamva m'mene anawasekera pabwalo chifukwa cha ine. Ndiye ndinati bola ndizipita kumjigo, thanki yawo isagwe. Lero ndimangoyesa, poti miyendo yakana."

Salim anayenda chammbali ngati nkhanu, maso ali pansi, mpaka anafika pomwe panali ndowa ija. Anaitola n'kukaiika pansi pa paipi. Anagwira kagudumu ndi dzanja lake lamphamvu lija kuti atsegule, koma kanakana. Anayesanso ndi manja awiri, kanakanabe, mpaka anachita kupita m'nyumba kukatenga sipanala, apongozi ake ataima padzuwa, akuyang'ana kumbali.