Makaka Anakana Kukwera

A Davis anagwira ntchito zaka makumi awiri pa famu ya chimanga ku Zimbabwe, ndipo atabwerera kwawo ku Yofu, mudzi wa pachilumba, anatsegula kachigayo. Mwendo wawo unali wolumala, choncho iwo ankasamala injini, pamene akazi awo a Sofiya ankakwera makwerero kukathira madengu m'kamwa mwa chigayo. Chaka chino phewa la mayiwo linakana. Adokotala ku Chipyela anawauza mosabisa kuti akapitiriza kunyamula katundu, mkonowo udzauma.

A Sofiya anati kukhala pakhomo ndiye ayi. Mulungu sanawapatse manja kuti aziwapinda. A Davis anawatonthoza kuti ku famu kunalibe munthu wonyamula chimanga. Kunali chipaipi chokhala ndi chitsulo chopotapota m'kati. Chikamazungulira, mbewu zimakwera zokha. Masabata atatu anakhalira kwa wowotcherera zitsulo, akung'ung'udza besi yawo ya ku kwaya, mpaka chipaipi chinatheka.

Tsiku loyesa a Davis anavula chipewa, napemphera. Anathira mbale ya chimanga, ndipo chinakwera bwinobwino, nkugwera pamwamba ngati mvula. Kenaka anafika mayi woyamba ndi dengu la makaka, chinangwa chouma chija chimene chimadyetsa chilumba chonse. Zibenthu zitatu zinalowa, chachinayi chinapingasa. Chitsulo chinalira, nkuima nji.

A Davis anakhala pansi, nkhope ili m'manja. Si chitsulo chimene chinkawapweteka, koma phewa la akazi awo lija.

"Bambo a Sibongile," anatero a Sofiya, "zaka zonsezi ndakhala ndikuthira makaka pamaso panu, kani inu mumaona chimanga cha azungu anu?"

Amayi amene anali pamzere anaseka mpaka kugwirana, nawonso a Davis anasekerera mwamanyazi. A Sofiya anawafunsa ngati ku famuko kunalibe chonyamulira zinthu zikuluzikulu. Bambowo anakumbukira lamba wotambalala amene ankakweza zisononkho, koma anati lamba wotere pachilumba pano sangapezeke.

M'mawa mwake a Sofiya anatulutsa thanga, chinsalu choyendetsera bwato la malemu atate awo, limene analisunga m'bokosi osalola munthu kulikhudza, nati likhale lamba. A Davis anakana kulidula.

"Dulani," anatero mayiwo. "Atate anandinyamula nalo kangati? Linyamulenso."

Amayi a Mpingo anabwera ndi masingano, nasokerera timitengo ta nsungwi mopingasa kuti makaka asamatsetsereke, akuyimba uku akusoka. A Davis anapala mitengo iwiri yozungulira, naikoleka ku injini.

Loweruka lamba anayenda, pang'onopang'ono, akugwedera ngati nkhalamba yopita kukalandira Mgonero, koma makaka anafika pamwamba. A Sofiya anakhala pa kampando pansi pake, akukankhira zibenthu ndi dzanja lamanzere. A Davis anafunsa ngati phewa likumveka.

"Phewa lili chete," anayankha a Sofiya. "Koma inu imani kumeneko, mukunditchinga."