Nankhata Sapha Munthu

Estele anakhala pakhonde, lichero lili pamiyendo, akusenda nandolo wamuwisi. Ankatola khoko limodzi, kuling'amba ndi chikhadabo, kugwetsera njere m'mbale, kenako n'kuyang'ana foni imene inali pafupi ndi phazi lake. Mayi ake anamupatsa ntchitoyo dzuwa lisanafike pakhondepo. Tsopano linali likumuotcha m'miyendo, koma mbale inali isanafike ndi pakati pomwe.

"Nandoloyo tidya lero kapena mawa?" anafunsa mayi ake kuchokera kuseri kwa nyumba, kumene ankachapa.

"Lero, amayi."

Chimene chinkamulemetsa manja chinali uthenga wa Chester, msuweni wake wa ku Chinakanaka, amene analinso kaputeni wa timu yawo. Sinali timu ya mpira. Inali ya gemu ya pa foni, ija anthu amamenyana atatuatatu pa intaneti, aliyense ndi ngwazi yake yodzipangira yekha. Tsiku limenelo 3 koloko masana ankakumana ndi anyamata ena a ku Lusaka, ndipo wogonja maraundi awiri mwa atatu ankatuluka mu mpikisano. Chester analemba mwachidule: "Chimayi chakocho uchisinthe isanakwane 3. Uchiike manja a moto. Ukakana ndilowetsa mnzanga Noel m'malo mwako."

Kusintha ngwazi mu gemu imeneyo sikunali ngati kusintha malaya. Panali batani limodzi lofufutira, ndipo ukalidina zonse zinkapita: thupi, nkhope, mphamvu, dzina. Unkayambiranso pa chidole chopanda maonekedwe, ndipo njira yobwerera kunalibe.

Ngwazi ya Estele dzina lake inali Nankhata. Anaiumba pang'onopang'ono kwa miyezi isanu, chilembereni mayeso a Fomu 4. Anzake ankasankha ziuno zowonda, maso oyaka ndi nsalu zouluka kumsana. Iye anakulitsa mapewa mpaka pamapeto, kenako n'kubweza pang'ono. Akatumba a m'miyendo anawaumba ngati a bambo ake ndi amuna ena a pa Likhubula amene amasenzera alendo zikwama kukwera phiri. Khosi analifupikitsa. Pamutu anaikapo kamkombero kena kamene opanga gemuyo ankati ndi chisoti chachifumu, koma iye anakasinthasintha mtundu mpaka kanafanana ndi nkhata ya masamba ouma a nthochi. Mphamvu zonse zimene ankapata anaziika kumsana ndi m'miyendo. Nankhata ankatha kunyamula mnzake n'kuthamanga naye, ankathanso kudzutsa mwala waukulu wobisalapo. Kumenya kokha ndiye sankatha. Nkhondo ikatha, gemu inkaonetsa chiwerengero cha adani amene aliyense wapha, ndipo pambali pa dzina la Nankhata nthawi zonse pankakhala ziro.

Panali chinthu chimodzi chimene chiwerengerocho sichinkaonetsa. Wachitatu wa timuyo anali Khalidi, mnyamata wa kabaza wa pa Muloza, amene ankasewera atakhala pa siteji yawo pafupi ndi chipata cha malire. Pamalo pamenepo foni imalumpha yokha n'kugwira netiweki ya ku Mozambique, ndipo intaneti imaduka kaye. Zikatero ngwazi ya Khalidi inkangoima njo pakati pa bwalo kwa masekondi makumi awiri kapena kuposa. Estele ankaiona, kuithamangira, kuisenza, n'kukaitula kuseri kwa mwala. Chester sankaona chifukwa nthawi zonse ankakhala kutsogolo. Khalidi sankaona chifukwa nthawi imeneyo foni yake inkakhala itafa. Estele naye sananenepo. Poyamba ankaopa kuchititsa Khalidi manyazi, kenako nthawi inapita, ndipo zinayamba kuoneka ngati akanena ndiye kuti akudzitama.

Atamaliza nandolo anasamba m'manja, natenga njinga ya bambo ake. Kwawoko netiweki inkabwera ndi kupita, n'chifukwa chake masewera akuluakulu ankakachitira ku shopu yometera ya Chester. Panjira mawu oti akamuuze Chester ankamubwerera bwinobwino. Ankawayala m'mutu motsatana, oyamba, achiwiri, ndipo Chester wa m'mutumo ankamvetsera mpaka kugwedeza mutu. Atangotsamiritsa njinga pakhoma la shopuyo, mawu onse aja anabalalika.

Chester anali atazimitsa kale makina ometera ndi kutseka chitseko theka. Pabenchi ya makasitomala panali Noel, mnzake wogulitsa zitsulo za njinga, foni ili m'manja, mahedifoni ali m'khosi. Estele atamuona anakumbukira uthenga uja.

"Wafika mkazi wanga wosayankhula," anatero Chester, mwa chisuweni chawo cha masiku onse. Koma sanaseke. "Ndione."

Estele anamuonetsa foni. Nankhata anali chiimire, nkhata yake ili pamutu.

"Iwe, uthenga wanga sunauone?"

"Ndinauona, achimwene."

"Ndiye?"

Estele anayang'ana tsitsi limene linali mbwee pansi. Noel anatsokomola.

"Aise, nthawi yatha," anatero Chester, akuyang'ana wotchi ya pakhoma. "Maina atumizidwa kale, raundi yoyamba ulowa choncho. Koma tamvera. Lero zoyendayenda kumbuyo ngati ukutola nkhuni ayi. Ukhala pambali panga, uzimenya. Ngakhale mmodzi yekha umuphe, anthu aone kuti tilipo atatu."

Anaika foni yake pa sipika, ndipo mawu a Khalidi anatulukira pamodzi ndi phokoso la pa Muloza, mabelu a njinga ndi anyamata osintha ndalama akuitanira anthu.

"Amwene, ndakana makasitomala awiri chifukwa cha inu," anatero Khalidi. "Wina mayi wa matumba atatu a chimanga. Tikaluza mundimeta ulere chaka chonse."

"Mutu wakowo ngakhale ulere sindingaugwire. Wakonzeka?"

"Kalekale. Achemwali a ziro alipo?"

"Alipo," anayankha Chester m'malo mwake.

Bwalo la tsikulo linali mzinda wogumuka, wokhala ndi mlatho wothyoka pakati. Mphenzi, ngwazi ya Chester, inatsogola ikuponya moto wabuluu m'manja onse awiri. Kabawi, ngwazi ya Khalidi, anauluka kumanzere ndi mipeni yake iwiri kuti akawazungulire adani kumbuyo. Estele anachita zimene anauzidwa. Anamuyendetsa Nankhata pambali pa Mphenzi.

A ku Lusaka aja anali akatswiri. Wina anali chimunthu chachitsulo, wina woponya mivi patali, wachitatu ankazimiririka n'kutulukira pena. Komabe poyamba zinayenda. Kabawi anagwera woponya mivi uja kuchokera m'mwamba n'kumumaliza, ndipo Khalidi anakuwa mpaka sipika inanjenjemera. Nankhata anamenya chimunthu chachitsulo chija kawiri, koma moyo wake unangotsika ngati wachikanda ndi udzu.

Kenako mawu a Khalidi anaduka pakati pa chiganizo.

Estele anayang'ana kamapu ka pakona. Kadontho ka Kabawi kanali kataima pamwamba pa mlatho, poyera, osasuntha. Anadziwa kuti wozimiririka uja amuona posachedwa. Chala chake chinayamba kale kukhotera kumanzere.

"Estele, kuno," anatero Chester, maso ali pa foni yake. "Ukupita kuti? Menya ichi, chatsala pang'ono."

Chala chija chinaima. Anawerenga mumtima. Kuchokera pamene anali kukafika pa mlatho panali masekondi asanu ndi limodzi. Akanatha. Anamva mpweya wa Noel kumbuyo kwake, akusuzumira paphewa. Anabweza chala, namenyanso chitsulo chija.

Kadontho ka Kabawi kanazima.

Zotsatira zake sizinatenge nthawi. Wozimiririka uja anatulukira kumbuyo kwa Mphenzi, ndipo awiriwo anamupanikiza pakati. Estele anadzutsa mwala mochedwa, unatulukira pamene Mphenzi anali atagwa kale. Nankhata anatsala yekha, akulandira zibakera mpaka naye anagwada. Chiwerengero chinabwera: Khalidi mmodzi, Chester ziro, Estele ziro.

Chester anaika foni pa shelefu ya mafuta a tsitsi, napukuta nkhope ndi thaulo la makasitomala.

"Waona? Chitsulo chija chikanafa ukanakhala ndi moto. Tapuma mphindi ziwiri, ndipo malamulo amalola kusintha. Tsegula."

Estele anatsegula tsamba losinthira. Nankhata anaonekera pakati, akuzungulira pang'onopang'ono monga ankachitira nthawi zonse pa tsamba limenelo, mapewa, msana, akatumba aja. Pansi pake panali batani lofiira.

"Ukangofufuta undipatse, ndikuikira ine zonse. Masekondi makumi atatu zatha."

Anadina. Gemu inamufunsa m'Chingerezi ngati watsimikiza, ndipo inamuchenjeza kuti zimenezi sizibwezedwa. Panatsala kudina kamodzi.

Sipika inakhosomola, phokoso la pa Muloza n'kubwerera.

"Amwene, pepani," anatero Khalidi. "Mozambique inandibanso."

"Inakubanso?" anafunsa Chester. "Imakuba kangati?"

"Pafupifupi gemu iliyonse, koma sizivuta. Gemuyi ili ndi chifundo. Netiweki ikaduka imakubisa yokha. Ine ndikabwerera ndimapezeka kuseri kwa mwala, moyo wanga uli wonse. Lero kaya asintha malamulo, ndangopeza ndafa."

"Lamulo limenelo kulibe, iwe."

"Lilipo. Miyezi yonseyi?"

"Ndi mankhwala a ku Milanje, tsidya la Mozambique, amenewo," anatero Noel, akuseka. "Lero wayiwala kutafuna."

"Zisiyeni izo, tikambirana tikapambana," anatero Chester. "Khalidi, choka pamalirepo, pita kuseri kwa masitolo. Estele, dina. Kwatsala mphindi imodzi."

Estele anayang'ana batani lija. Anayang'ana Chester, amene anali atatambasula kale dzanja kuti alandire foni. Anachotsa chala pagalasi, naika foniyo pamiyendo chafufumimba.

"Si gemu," anatero. Mawu anatuluka aang'ono kwambiri moti Chester anawerama.

"Wati chiyani?"

"Si gemu imene imawabisa a Khalidi. Ndine." Anakweza mawu pang'ono, napitiriza. "Foni yawo ikaduka, Kabawi amangoima poyera. Ndimapita kukawanyamula, n'kudzutsa mwala, n'kudikira pomwepo mpaka abwerere. Kuyambira mwezi wa Ogasiti ndakhala ndikutero. Inu simuona chifukwa simucheuka, achimwene. Lero ndinawaona pa mlatho paja, ndipo ndikanafika. Munandiitana, ine n'kuopa, n'kuwasiya. Chimene chatiluzitsa n'chimenecho, si moto ayi."

Pa foni ya Chester masekondi opumira ankatsika. Pa sipika pankangomveka belu la njinga kutali.

"Nankhata sindimufufuta," anatero Estele. "Ziroyo idzakhalapo mpaka kalekale, ine sindidandaula nayo. Mukafuna kulowetsa a Noel, alowe, timu ndi yanu. Koma ndikalowa ine, musandiitanenso kutsogolo."