Tiyi wodzaza mpaka pakamwa

Syrga anakulira pafupi ndi chitseko. Mtsikana ndiye malo ake amenewo, pambali pa ketulo, pomwe akuluakulu amakhala kumtunda kwa tebulo. Nanga maphunziro a utsogoleri amene yunivesite ya ku Bishkek inkapereka kwa ophunzira digiri yachiwiri akanasintha zimenezo?

Tsiku lomaliza, Burul eje (eje ndi mawu aulemu otchulira mphunzitsi wamkazi), mayi wophunzitsa utsogoleriyo, anatembenuza zinthu. Anakhazika Syrga kumtunda kuti atsogolere msonkhano wokonza ulendo wokayeza dothi kumapiri. Akalephera, gulu la paulendowo alitsogolera wina. Toktosun, mkulu woyang'anira kafukufuku wa Syrga, amene ophunzira ankawatchula mwaulemu kuti agai, Burul anawakhazika pa ketulo kuti azithira tiyi.

Vuto linali lakuti njira imene agai anajambula inkadutsa pamtsinje umene umasefukira chisanu chikasungunuka. Aliyense ankadziwa, koma wouza nkhalamba ija ndani? Syrga ankaopa, komabe maso ake anali pa manja a agai. Ankafunitsitsa kuona ngati munthu wa mabuku ambiri chotero amadziwa kugwira ketulo.

Agai anathira mosamala, lilime lili panja ngati mwana wa sukulu, mpaka tiyi kufika pakamwa pa kambale komwera tiyi. Anamupatsira Syrga ndi manja awiri. Anzake anawerama. Kwawoko mlendo wokondedwa umamuthirira pang'ono kuti uzimuwonjezera. Ukadzaza ndiye kuti imwa uzipita.

Syrga anayang'ana nkhope yawo kufuna chipongwe, osachipeza. Bambowo ankangodikira kuyamikiridwa. Chidwi chinaposa mantha.

"Agai, kodi mukundithamangitsa, kapena simunathirepo tiyi chibadwire?"

Agai anayang'ana kambaleko, kenaka anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati mwambowo amaudziwa bwino ndi pakamwa, koma manja sanauphunzire. Kunyumba amathira ndi akazi awo, kuntchito ophunzira, ndipo akangoti atambasule dzanja wina amakhala atalanda kale ketulo. Anapungulira tiyi wina m'kambale kawo, n'kumubwezera wotsalayo.

Kenaka kuseka kunatha. Anayang'ana ophunzira awo mmodzimmodzi, ndipo Syrga anawamvera chisoni, chifukwa anaona munthu amene ulemu unamusiya yekhayekha.

"Moti nonsenu mukanangondiyang'ana? Mwana wanga, n'chiyaninso china chimene mwakhala mukundibisira?"

Syrga anamwako tiyi uja, nakankhira kambale pambali. Anatambasula mapu patebulo n'kuika chala pamtsinje paja.

"Senderani kuno, agai. Ketuloyo isiyeni kaye."