Wosema Selenaiti

Mayi ankadziwa kuti mwini sitolo wodzagula zosema zawo akangofika, bambo ayamba mbiri yawo ija. Anayambadi, mlendo asanakhale n'komwe.

"Mwala uwu, selenaiti, dzina lake linachokera ku mwezi. Kale magalasi asanachuluke, ankaucheka mopyapyala n'kuuika m'mawindo. Ndi wofewa, chikhadabo chimaukanda, madzi amauwononga. Umafuna munthu waulemu."

Zaka makumi atatu bambo anakhala akusema zoikapo makandulo, mayi akusesa fumbi loyera lija. Koma chaka chino manja a bambo anayamba kunjenjemera, miyala isanu n'kung'ambika motsatizana. Mayi anangotola chiboolero osapempha chilolezo, naphunzira kutsata mitsempha ya mwala osaukakamiza. Zoikapo khumi ndi ziwiri zimene zinali patebulo tsiku limenelo anasema ndi iwo, zonse. Kunja kwa chipinda chawo chosemeramo palibe amene ankadziwa.

Mwini sitolo anatseka katani, nayatsa kandulo m'chimodzi. Mwala wonse unawala mbee mpaka kunsi.

"Akulu, ndinu katswiri," anatero. "Chopyapyala chonchi sindinachionepo. Ndilemba dzina lanu pakhadi, aliyense wolowa m'sitolo aziliona."

Mayi anali pakhomo, thireyi ya tiyi ili m'manja. Mtima unawawa, tisaname. Mwamuna wawo ankamudziwa bwino: munthu woti ngakhale asochere safunsa njira. Ulemu ngati umenewu angaukane? Anakonzeka kungomeza malovu n'kuthira tiyi.

Bambo anayang'ana manja awo nthawi yaitali, kenako anakhosomola.

"Dzina langa musalembe. Ine pamenepo sindinafikepo, ngakhale nthawi imene manja anali bwino. Wosema ndi awo anyamula tiyiwo."

Mwini sitolo anacheuka, kukamwa kuli yasa.

"Amayiwa?"

"Omwewo. Ndinakwatira mmisiri, ine n'kumupatsa tsache zaka makumi atatu. Uchitsiru wina umabwera ndi ndevu." Ananyamuka pampando wawo wosemerapo, nausasa fumbi ndi chipewa. "Mayi, bweretsani thireyiyo, ndithira ndine. Khalani apa mulankhule ndi mlendo wanu."

Makapu anagwedera m'manja mwa bambo, tiyi wina n'kutayikira m'sosala, koma palibe amene anayang'anako. Mayi anakhala pansi, maso atadzaza misozi koma khosi lili chilili, nakokera mwala wosasema pafupi.

"Chabwino, bwana," anatero. "Zotsatirazi mukufuna zazitali bwanji?"